Amoniya: tsoka lomwe limanunkha

Pa 24 Marichi 1992, dzuwa lili paliwombo, thankala ina yonyamula amoniya inaima m'bwalo la fakitale ya SONACOS pafupi ndi doko la Dakar ku Senegal. Fakitaleyi inkayenga mafuta a mtedza, ndipo zotsalira zake, zija amadyetsa ziweto, ankazithira amoniya pofuna kupha poizoni wa chuku. Mlimi wa mtedza wa ku Mchinji kapena ku Kasungu safunika kumufotokozera za chuku, poti n'chimene chinatitsekera misika yambiri ya kunja. Ndiye kuti ntchito imene amoniyayo anabwerera inali yabwinobwino. Vuto linali thanki. Inali itang'alukapo kale, anaiwotcherera n'kuibwezera pamsewu. Ulendo umenewu anaithira matani oposa 22, chonsecho malire ake sankafika n'komwe matani 18. Kutatentha, amoniya wamadziyo anafufuma, anasowa kolowera, thanki inaphulika pomwe anawotchererapo paja.

Anthu 129 anamwalira, ndipo oposa 1,100 anavulala. Mpaka lero ngoziyi imatchulidwa pakati pa ngozi zoopsa kwambiri za amoniya padziko lonse. Koma chimene chimandigwira mtima pa nkhani ya ku Dakar si kuchuluka kwa maliro kokha ayi. Ambiri mwa anthuwo sanali amisiri a pafakitalepo, ndipo valavu ya amoniya anali asanaigwirepo chibadwire. Anali anthu a m'malo oyandikana nawo, ndi ena amene atamva kuphulika anathamangira komweko kuti akaone chachitika n'chiyani. Anakumana ndi mtambo woyera ukukwawa pansi, nalowamo.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Limeneli limanunkha, ndipo limayamba kununkha lisanafike povulaza munthu. Mwa mipweya yoopsa ya m'mafakitale, amoniya ndi mmodzi mwa ochepa amene amagogoda kaye asanalowe. Nanga n'chifukwa chiyani akuphabe ndi kuchititsa anthu khungu? Yankho langa ndi ili: nzeru za amoniya timazitsekera m'chipinda cha makina limodzi ndi mmisiri mmodzi kapena awiri, pamene mpweyawo ukatuluka umapeza mlonda, waganyu, mayi wolongedza nkhuku m'mapepala ndi wogulitsa zitumbuwa pageti, anthu amene palibe anawauzapo kanthu.

Kwathu kuno amapezeka pati

Amoniya ndi nayitirojeni wosakanikirana ndi haidirojeni. Mu 1909 katswiri wa ku Germany, Fritz Haber, anaonetsa kuti n'zotheka kumupanga pogwiritsa ntchito nayitirojeni wa mumpweya womwe timapumawu, ndipo Carl Bosch wa kampani ya BASF anasandutsa nzeruyo kukhala fakitale imene inayamba ntchito ku Oppau mu 1913. Lero dziko lapansi limapanga matani oposa 150 miliyoni pachaka, ndipo pafupifupi magawo 7 mwa 10 aliwonse amathera ku feteleza. Thumba la yureya limene mlimi amalimbirana pa depoti linayamba ngati amoniya. Malawi alibe fakitale yopanga amoniya. Feteleza wathu amabwera kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Maiko anzathu ali ndi mafakitale ogwira ntchito ndi amoniya mwachindunji: Nitrogen Chemicals of Zambia ku Kafue, ndi Sable Chemicals ku Kwekwe m'dziko la Zimbabwe, imene yakhala ikuitanitsa amoniya pa sitima kuchokera ku South Africa. Tisasokoneze apa: chimene chinaphulika pa doko la Beirut mu Ogasiti 2020 chinali ammonium nitrate, mchere wouma wopangidwa kuchokera ku amoniya. Ngozi yake ndi ina.

Kumene Mmalawi amakumana ndi amoniya weniweni, wosasungunula ndi madzi, ndi ku makina akuluakulu oziziritsira zinthu. Firiji zambiri za panyumba siziyendera amoniya. Koma mafakitale ofulula mowa ndi zakumwa, okonza mkaka, ophera nkhuku, opanga madzi oundana osungira nsomba, ndi nyumba zikuluzikulu zosungira zakudya zozizira, padziko lonse amakonda amoniya chifukwa amaziziritsa bwino, sadya magetsi ambiri, ndipo ndi wotsika mtengo. Pa masilinda amamulemba kuti R717. Mukamadutsa ku Makata, ku Chirimba, ku Kanengo kapena ku Luwinga n'kuona mapaipi okutidwa akuyenda padenga la fakitale, ena atachita chisanu choyera ngakhale mu Okutobala, dziwani kuti mwina muli iyeyu. Abale athu ambiri amene ali ku South Africa ndi ku Britain amagwira ntchito m'malo otere, molongedza zipatso ndi nyama.

Ndipo amoniya sakuchoka, akubwera kumene. Mgwirizano wa ku Montreal wa 1987 unalamula kuti mipweya yoziziritsira yowononga ozoni ithe, ndipo zimene maiko anawonjezera ku Kigali mu 2016 zikuchepetsanso ina imene imatenthetsa dziko. Amoniya sawononga ozoni, satenthetsanso dziko. Choncho pamene tikulimbikitsana kuti tomato, mango ndi usipa zisamawole zisanafike pamsika, ndipo tikumanga zipinda zoziziritsira zambiri, tikuitananso mlendo ameneyu.

Amafuna madzi, ndipo munthu ndi madzi

Khalidwe lalikulu la amoniya ndi ludzu. Amasungunuka m'madzi msanga kwambiri, ndipo pathupi pa munthu amalunjika pamene pali chinyezi: m'maso, m'mphuno, m'kamwa, kukhosi, m'mapapo, m'khwapa ndi mphechepeche mwa munthu wotuluka thukuta. Akakumana ndi chinyezicho amasanduka madzi owotcha. Amayi amadziwa chimene chidulo chimachita ndi therere kapena masamba olimba: chimawafewetsa mpaka kutelera. Amoniya ali m'gulu lomwelo la chidulo ndi soda, kungoti ukali wake ndi wosayerekezeka, ndipo chimene amafewetsa ndi mnofu wa munthu. Apa ndi pamene amasiyana ndi asidi. Asidi akawotcha amaumitsa pamwamba, ndipo nkhanamboyo imatchinga pang'ono kuti asalowe mkati. Amoniya amasungunula mnofu n'kumalowabe, moti chilonda chooneka chaching'ono m'mawa chimakhala chitazama pofika madzulo.

Diso ndiye silichedwa. Dontho la amoniya wamadzi limadutsa kakhungu koonekera ka pamwamba pa diso m'kanthawi kochepa zedi n'kuyamba kuwononga za mkati. Munthu amatsinzina mwamphamvu chifukwa cha ululu, zikope zimakana kutseguka, ndipo m'mene akutsinzinamo mankhwala akugwira ntchito yake. Pakhungu pali zowawa ziwiri nthawi imodzi. Amoniya wamadzi amawira pa madigiri 33 kunsi kwa ziro, kotero akagwera padzanja amaliumitsa ndi chisanu kwinaku akuliwotcha. Zovala zimamatirira pakhungu. Kukhosi kumatupa, mawu amasasa, ndipo njira ya mpweya itha kutsekeka. Choopsa china chimabisala: munthu amene wapuma mpweya wambiri akhoza kuoneka kuti wapeza bwino, kuseka ndi anzake, kukwera minibasi kupita kwawo, kenaka usiku mapapo n'kudzaza madzi.

Akatswiri amayeza mpweyawu ndi muyeso wotchedwa ppm, kutanthauza magawo angati pa magawo 1 miliyoni a mpweya wa m'chipinda. Mphuno za anthu ambiri zimayamba kumva amoniya pa 5 ppm kapena kuposerapo pang'ono. Bungwe la ku America loona za umoyo wa pantchito, NIOSH, limalangiza kuti pa tsiku lonse la ntchito mpweyawu usapitirire 25 ppm, ndipo kwa mphindi 15 usapitirire 35. Pa 300 ppm bungweli limati moyo uli pangozi nthawi yomweyo. Ukafika m'ma 2,500 kupita m'tsogolo, theka la ola ndi lokwanira kupha munthu, ndipo ukadutsa 5,000 munthu safika patali. Manambalawa akuoneka otalikirana, koma lita imodzi yokha ya amoniya wamadzi ikatayika imasanduka malita pafupifupi 850 a mpweya. M'kachipinda ka makina kotseka mawindo, kuchoka pa kafungo kufika pa imfa sipatenga paipi yaikulu.

Pamenepa ndiye pagona nkhani. Mphuno imazolowera. Mmisiri amene wagwira zaka zambiri m'chipinda cha makina amayenda bwinobwino pamalo pamene mlendo akutuluka misozi, ndipo m'mafakitale ambiri zimenezi amaziyesa ukatswiri. Mnyamata watsopano akatsokomola amamuseka kuti sanakhwime. Akadandaula za fungo, kapitawo amamuuza kuti fungo limeneli ndiye la ntchito, azolowera. Kunena zoona, makina a amoniya osamalidwa bwino sayenera kununkha tsiku ndi tsiku. Fungo losatha limatanthauza kuti penapake pakudontha, ndipo fakitale imene yazolowera kafungo yadzichotsera yokha alamu yaulere imene inali nayo.

M'chipinda cha makina

Ngozi zambiri za amoniya sizifika m'nyuzipepala, chifukwa zimagwera munthu mmodzi pa ntchito yaing'ono ya masiku onse. Chitsanzo chodziwika ndi kukhetsa oyilo. Oyilo wa mu kompuresa amayenda pang'onopang'ono ndi amoniya m'mapaipi, ndipo popeza ndi wolemera amakadikha pansi pa matanki ozizira. Nthawi ndi nthawi amafunika kumuchotsa. Mmisiri amagwada, amatchera ndowa, amatsegula valavu. Palibe chikutuluka, chifukwa oyilo wozizira walimba ngati phula ndipo watseka pakamwa. Amatsegulanso pang'ono. Palibe. Amatsegula kwambiri, n'kuweramira kuti aone. Kenaka chotsekacho chimasomphoka, oyilo amatha m'kamphindi, ndipo chotsatira ndi amoniya wamadzi akuthovoka molunjika kumaso. Munthuyo saonanso, sangapezenso valavu kuti atseke. N'chifukwa chake malo otere amayenera kukhala ndi valavu ya sipuling'i imene imadzitseka yokha dzanja likangoisiya, ndipo wokhetsa oyilo amayenera kuvala magalasi omata kumaso, chotchinga nkhope ndi magolovesi a labala, mnzake ataima chapatali akumuyang'anira. Valavu yoteroyo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kompuresa. Koma pali amisiri amene amaimanga ndi waya kuti isawatopetse dzanja.

Zina ndi zazing'ono zomwe mmisiri wophunzira amazidziwa koma wongotolera ntchito m'njira sazidziwa. Amoniya wamadzi akatsekeredwa m'paipi pakati pa mavalavu awiri otseka, n'kutenthedwa, amang'amba chitsulo. Thanki kapena silinda saidzaza mpaka pakamwa. Kawirikawiri malire ndi 85 peresenti, kuti madziwo apeze pofufumira, ndipo phunziro la ku Dakar ndi lomweli. Amoniya wachinyezi amadya mkuwa, bulasi ndi zinki, choncho kachitsulo ka bulasi kogula pa hadiweya kuti kalowe m'malo mwa kachitsulo koyenera ndi msampha wongodikira tsiku. Kuwotcherera thanki ya amoniya si ntchito ya wowotcherera mageti ndi mawindo. Pamafunika woidziwa, ndipo thanki iyesedwe isanabwerere pantchito. Amoniya sayaka msanga, komabe akachuluka mumpweya pakati pa 15 ndi 28 peresenti m'chipinda chotseka, kamoto kakang'ono ka switchi kakhoza kuphulitsa nyumba.

Pali nkhani ina ya ku America imene Amalawi tiyenera kuimvetsera ndi makutu awiri, chifukwa inayamba ndi chinthu chomwe timakhala nacho: kuthima kwa magetsi. Mu Ogasiti 2010, pa fakitale ya Millard Refrigerated Services ku Theodore m'chigawo cha Alabama, kumene ankasunga nkhuku zoumitsa ndi chisanu zotumiza kunja, magetsi anathima kwa maola pafupifupi 7. Atayaka, wogwira ntchito wina anafufuta ma alamu pa kompyuta yoyendetsa makina kuti zinthu ziyambenso kuyenda. Potero anadukiza ntchito yosungunula chisanu imene inali mkati pa makina ena. Mpweya wotentha ndi amoniya wamadzi wozizira kwambiri zinakumana m'paipi imodzi, madziwo anathamanga n'kumenya chitsulo mwamphamvu, ndipo pa 23 Ogasiti paipi yaikulu ya padenga inang'ambika. Matani oposa 14 anatuluka. Mtambo unawoloka mtsinje n'kupeza anthu amene ankagwira ntchito yoyeretsa mafuta otayika m'nyanja pa ngozi ya Deepwater Horizon. Oposa 140 anakhudzidwa, 32 anagonekedwa m'chipatala, anayi mwa iwo m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Bungwe lofufuza ngozi za mankhwala m'dzikolo, Chemical Safety Board, linaonanso kuti ogwira ntchito anataya nthawi kufunafuna podontha kuti atseke pokhapo, m'malo mozimitsa makina onse ndi batani la pangozi.

Tsono taganizirani fakitale ya kwathu kuno imene magetsi amathima kangapo pa sabata, jenereta n'kulira, magetsi n'kubweranso, bwana ali pafoni kufunsa ngati katundu sakusungunuka. Nthawi iliyonse makina akamadzutsidwa mothamanga, mwayi wa ngozi ya ku Theodore umakhalapo. Fakitale iliyonse ya amoniya m'dziko muno iyenera kukhala ndi ndondomeko yolembedwa ya kadzutsidwe ka makina magetsi akabwera, yopachikidwa pakhoma, m'chilankhulo chimene wa shifiti ya usiku amawerenga.

Za masiki ndinenepo mwachidule, popeza Covid-19 inatisiyira chikhulupiriro choti kansalu kapamphuno kamatchinga chilichonse. Masiki ya nsalu, ya kuchipatala kapena ya fumbi siletsa amoniya ngakhale pang'ono. Imene imathandiza ndi yophimba nkhope yonse yokhala ndi sefa yopangidwira amoniya, imene kawirikawiri imakhala ndi chizindikiro chobiriwira, ndipo sefayo imatha mphamvu ngakhale ili m'kabati. Iyonso ili ndi malire. Mpweya ukadutsa 300 ppm, kapena ngati palibe akudziwa kuti wachuluka bwanji, wolowamo ayenera kubereka silinda ya mpweya wake wopuma. Zida zimenezi zisungidwe kunja kwa chipinda cha makina. Zikakhala mkati, kapena mu ofesi imene kiyi wake wapita kunyumba ndi bwana, n'chimodzimodzi kuti kulibe.

Mtambo ukatuluka

Buku la sayansi la kusekondale limanena kuti amoniya ndi wopepuka kuposa mpweya, ndipo n'zoona. Koma akatuluka mwamphamvu ali wamadzi, amazizira kwambiri, amasakanikirana ndi timadontho ndi chinyezi cha mumlengalenga, n'kukhala chifunga cholemera chimene chimayenda pansi motsatira mphepo, kulowa m'makwalala ndi m'zigwa. Pa 13 Julayi 1973, thanki ya pa fakitale ya feteleza ku Potchefstroom m'dziko la South Africa inabooka mwadzidzidzi n'kutulutsa matani pafupifupi 38. Anthu 18 anafa, ndipo 6 mwa iwo anali kunja kwa mpanda wa fakitale. Mpanda umatchinga akuba basi. M'mizinda yathu nyumba za anthu, misika ndi malo odyera nsima masana zayandikana kwambiri ndi mafakitale, ndipo ndi angati mwa anthu amenewa anauzidwapo chochita akamva fungo lobaya m'mphuno?

Chochitacho si chovuta. Choyamba, osapita kukaonerera. Ife timakonda kuthamangira kumene kwachitika ngozi, masiku ano foni ili m'manja kujambula za pa WhatsApp, ndipo pa amoniya mtima umenewu ndi umene umapha. Chachiwiri, yang'anani kumene mphepo ikuchokera. Kuthawa molunjika kumene mphepo ikupita n'kuthamangitsana ndi mtambo, ndipo mtambo sutopa. Dulani mphepo cham'mbali mpaka mutatuluka m'fungo, kenaka muzipita kumene ikuchokera. Kansalu kouluzika pamtengo wautali padenga la fakitale ntchito yake ndi imeneyi. Mbendera kapena utsi wa pachumuni zimathandizanso. Ngati mtambo wakupezani muli m'nyumba, nthawi zambiri kuli bwino kutseka zitseko ndi mawindo, kutseka mipata ndi nsalu zonyowa, kuphimba mphuno ndi pakamwa ndi nsalu yonyowa, n'kudikira kuti udutse, kusiyana ndi kutulukira mkati mwake. Nsalu yonyowayo ndi yothawira chabe, si yolowera nayo kukapulumutsa munthu. Kangapo konse, m'maiko osiyanasiyana, wachiwiri kufa amakhala mnzake amene anathamangira kukakoka woyamba.

Ndipo kuthawa kumafuna khomo. Pa 3 Juni 2013, pa fakitale yophera nkhuku ya Baoyuanfeng ku Dehui m'chigawo cha Jilin ku China, waya wa magetsi anayambitsa moto umene unafika pa mapaipi a amoniya n'kuwaphulitsa. Anthu 121 anafa, ambiri chifukwa anapeza makomo otulukira ali okhoma. Mchitidwe wokhomera antchito mkati poopa kuti angabe katundu kapena kuzemba ntchito si wa ku China kokha. Mlonda amene anauzidwa kuti asatsegule geti popanda chilolezo cha bwana amamvera lamulolo ngakhale anthu akutsamwa kuseri kwake, pokhapokha wina atamuuza kale, momveka bwino, kuti belu la ngozi likalira lamulo lija latha.

Madzi, madzi ambiri

Mankhwala oyamba a amoniya ali pampopi. Munthu akathiridwa, mutulutseni pamalopo n'kuyamba kumutsira madzi oyera nthawi yomweyo, osalekeza kwa mphindi zosachepera 15, ndipo kupitirira apo n'kwabwino. Mphindi 15 ndi nthawi yaitali pamene munthu akukuwa, ndipo anthu ambiri amasiya pakangotha ziwiri kapena zitatu n'kuyamba kusaka galimoto. Kumeneko n'kutaya diso. Wina agwire wotchi. Maso amafunika kuwatsegula ndi zala, ngakhale mwini wake akukana, madzi adutse kuchokera chakumphuno kupita chakukhutu kuti asalowe m'diso linalo, ndipo wovulalayo aziyendetsa diso uku ndi uku. Zovala zomwe zamatirira ndi chisanu musazisomphole, zimachoka ndi khungu; zinyowetseni kaye mpaka zifewe, kenaka muzivule zonse, nsapato ndi lamba womwe. Manyazi adikire. Muli m'galimoto kupita kuchipatala, pitirizani kutsira madzi a m'chigubu.

Pali zinthu zimene timathamangira munthu akapsa ndi moto: Vaseline, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano, dzira laliwisi. Ngakhale pa moto wamba si zoyenera, koma pa amoniya n'zoopsa koposa, chifukwa mafuta amatsekera mankhwala pakhungu kuti apitirize kudya mnofu. Musayesenso kuthira viniga kapena mandimu poganiza kuti zithetsa ukali wake. Amene wameza madzi a amoniya musamusanzitse, poti pobwerera amawotchanso kummero kachiwiri. Ndipo aliyense amene wapuma mpweyawu mpaka kutsokomola kwambiri, kusasa mawu kapena kubanika apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, ndipo adokotala auzidwe dzina la mankhwalawo. Botolo la mkaka limene mabwana ena amapereka kwa wantchito kuti atsukire m'mimba silifika m'mapapo.

Zonsezi zimatheka ngati madzi alipo. Shawa ya pangozi ndi potsukira maso ziyenera kukhala pamtunda woti munthu wosaona afikepo m'masekondi ochepa, popanda masitepe kapena makatoni panjira. Kwathu kuno mipopi imauma, choncho shawa yodalira madzi a bodi okha ndi chithunzi chabe. Pamafunika thanki yakeyake, yodzaza nthawi zonse, yoyesedwa sabata iliyonse. Chenjezo limodzi kwa ozimitsa moto ndi ofuna kuthandiza: madzi opopera ngati nkhungu amagwetsa mpweya wa amoniya, koma kuthira madzi pa dziwe la amoniya wamadzi kumamuwiritsa, mtambo n'kukula.

Si onse okumana ndi amoniya amene ali m'fakitale. Mnyamata wogwira ntchito m'khola la nkhuku za nyama amapuma amoniya wochokera ku zitosi, makamaka utuchi kapena mankhusu a mpunga zikanyowa pansi pa zomwera, ndiponso m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene makatani amatsekedwa usiku wonse poopa kuzizira. Nkhuku zimayamba kuonetsa: maso amatupa, zimayetsemula, sizinenepa. Mwini khola amathamangira kukagula mankhwala a nkhuku, osaganiza kuti mnyamata amene amagona pafupi ndi kholalo akupuma zomwezo. Kutsegula makatani, kukonza zomwera zodontha ndi kusintha utuchi kumathandiza onse awiri. Alimi opanga manyowa a mbeya amalidziwa fungo limene limabaya m'mphuno akamamasula thumba. Amasulire panja, nkhope atayang'ana kumbali. Ndipo kwa amayi ndi abambo oyeretsa m'maofesi, m'sukulu ndi m'nyumba za anthu: Jik asasakanizidwe ndi mankhwala otsukira alionse amene pabotolo palembedwa kuti muli amoniya. Zikakumana zimatulutsa mpweya wina wowotcha mapapo, ndipo m'kachimbudzi kotseka chitseko munthu amagwa asanafike pakhomo.

Lamulo ndi kabuku ka kuchipatala

Malamulo tili nawo. Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997 inaika pa olemba ntchito udindo woteteza antchito, kuwaphunzitsa za zoopsa za pamalo pawo ndi kuwapatsa zodzitetezera, ndipo Workers' Compensation Act ya 2000 ndi imene imanena za chipukuta misozi munthu akavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito. Mu 2019 Malawi anavomereza Pangano nambala 155 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, limene mwa zina limateteza wantchito amene wachoka pamalo poona kuti moyo wake uli pangozi yaikulu, kuti asalangidwe. Koma lamulo limafika pachipata cha fakitale ngati woyendera wa ku Unduna wa Zantchito ali ndi galimoto, mafuta ndi kachipangizo koyezera mpweya. Ndipo mwa maganizo anga, woyenderayo asamangoona mafayilo a mu ofesi. Aime pageti afunse mlonda kuti mphepo lero ikuchokera kuti ndipo anthu athawire mbali iti. Afunse waganyu amene wayamba Lolemba kuti shawa ili pati. Mayankho a anthu awiriwa amaulula za fakitale kuposa satifiketi ili m'felemu.

Wovulala nayenso ali ndi mbali yake, ndipo ambiri amaluza pomwepa. Ngozi ikachitika, bwana wina amapereka ndalama ya thiransipoti ndi masiku awiri opuma, nkhani n'kuthera pomwepo, osalembedwa paliponse. Koma amoniya amasiya zipsera zochedwa kuoneka. Ena amatsala ndi chifuwa chosatha, kubanika ngati a mphumu akangomva utsi kapena fumbi, ndi timinjira ta m'mapapo towonongeka moti timagwira matenda pafupipafupi. Diso limene linaoneka kuti lapola likhoza kuchita ng'ala patapita miyezi. Kwathu kuno munthu wotsokomola nthawi yaitali amayamba wayezedwa TB, ndipo zotsatira zikabwera zoti alibe, amabwerera kunyumba ndi mapiritsi a chifuwa, ntchito itamuthera kalekale. Pa nthawi imeneyo fakitale idzafunsa umboni woti matendawa anayambira kwawo. Umboniwo ndi lipoti la ngozi lopita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, maina a anzanu amene analipo, ndi mzere umene adokotala analemba m'kabuku ka kuchipatala tsiku lomwelo, wotchula deti, malo a ntchito ndi dzina loti amoniya. Musanachoke pa tebulo la adokotala, onani kuti dzinalo lalembedwa.